Gologolo Agulitsa Ulalo wa Boma

Kalekale, nyama zikadali ndi boma lawolawo, Gologolo ndiye ankayang'anira ulalo wa pamtsinje. Ntchito yake inali kumanga luzi pomwe pamasuka ndi kupirikitsa chiswe. Nyama zinkaoloka ulere, iye n'kumalandira kadengu ka mtedza mwezi ukatha. Kadenguko ndiko kanali moyo wake wonse.

Tsiku lina kunabwera Njati, bwana watsopano woyendera ntchito za boma, mimba patsogolo, nzeru zikutsatira patali.

"Iwe, ulalowu wabweretsa chiyani m'nkhokwe ya boma?"

"Bwana, chaka chino palibe ndi mmodzi yemwe amene wagwera m'madzi."

"Zimenezo timadya? Ndikufunsa phindu ine! Mwezi uno ukatha popanda phindu, ntchito yatha, mtedza watha."

Gologolo anachita mantha, koma mchira wake unagwedezeka. Ndipo mchira wa Gologolo ukagwedezeka, dziwani kuti wina alira.

M'mawa mwake anatafuna luzi, n'kukunkhuniza mtengo wapakati kuuika pambali. Mbawala atafika anaima njii.

"Aa, pabooka apa!"

"Pepani mayi, mtengo wobwereketsa ulipo. Mtedza utatu basi, ndiubwezeretsa pompano."

Mbawala analipira akung'ung'udza. Atangooloka, mtengo uja unachokanso.

Sabata yachiwiri Gologolo anachotsa mitengo itatu. Mzere wa nyama zodikira kuoloka unafika kuphiri. Fulu anadikira masiku anayi, Nguluwe anapeza maliro a apongozi ake ataikidwa kale. Koma madengu anadzaza, ndipo Njati atawaona anavina mpaka fumbi kobo.

"Wantchito ndi ameneyu! Wonjezera!"

"Ndiwonjezerebe, bwana?"

"Wonjezera, ndati! Loweruka ndikubweretsera mendulo."

Loweruka Njati anafika tsidya lina, mendulo ikulendewera kunyanga. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Ulalo palibe! Tsidya linalo Gologolo anali atakhala pamwamba pa mulu wa madengu, akupesa mchira.

"Ulalo uli kuti?"

"Ndagulitsa kwa a Nungu ootcha makala, bwana! Madengu makumi awiri! Chiyambire boma lino, phindu lotere munaliona? Bwerani mudzadzionere nokha."

Njati malovu anadzaza m'kamwa. Anabwerera m'mbuyo, n'kuthamanga, n'kulumpha. Khuvuu! Matope anamulandira bwino ngati mlendo wochokera kutali: m'maondo, m'mimba, mpaka m'khosi. Nyama za pamzere zija zinaseka mpaka Fulu anagwa chagada.

"Gologolo, mwanawe, ndivuule!"

"Ulere, bwana? Mungandichotse ntchito. Chingwe chilipo, koma n'chobwereketsa."

"Zingati?"

"Madengu makumi awiri."

"Tenga onse!"

"Zikomo bwana. Kafunso kamodzi kokha, anthu amve: ntchito ya ulalo n'chiyani?"

Matope anali atafika pamlomo.

"Kuolotsa nyama! Kuolotsa basi! Ponya chingwecho!"

Nyama zinakoka, Njati anazuka ngati chinangwa chovunda. Tsiku lomwelo analamula kuti ulalo umangidwenso ndipo aliyense azioloka ulere. Popeza m'nkhokwe munalibe cholipirira aganyu, mitengo yonse anasenza yekha.

Gologolo anayang'anira ntchitoyo ali pamthunzi, akuswa mtedza. Njati akapuma pang'ono, iye ankafuula mwaulemu wonse: "Changu, bwana! Boma likudikira!"