Thadzi la mayi Msosa

Panali mayi wina, mlangizi wa ziweto, dzina lake mayi Msosa. Chaka ndi chaka ankaona chitopa chikusesa nkhuku m'midzi. Katemera analipo, koma anthu ankaiwala tsiku lotemera. Mayiwa anaphunzira kupanga mapulogalamu a pa foni, napanga pulogalamu yokumbutsa alimi tsikulo. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense wodziwa aitsegule, aikonze, awonjezeremo zake.

Ukaitsegula, unkayamba kuona chithunzi cha thadzi lofungatira anapiye. Anachijambula ndi amuna awo, miyezi yochepa asanamwalire. M'mawa uliwonse mayi Msosa ankachiyang'ana kaye asanayambe ntchito.

Anthu odzipereka anabwera okha. Bambo Luhanga, mphunzitsi wa ku Rumphi, anaimasulira m'Chitumbuka. Namwino wina wa ku Mangochi anayamba kuikamo Chiyao. Wina wa ku Nsanje anaikonza kuti izigwira ngakhale kopanda netiweki. Koma aliyense akamaliza mbali yake ankaikapo chizindikiro chake, mtundu wake wa utoto, mwinanso dzina lina. Pulogalamu imodzi inakhala ndi nkhope zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lina mayi Msosa anafika kwa mlimi wina n'kupeza khola lili pululu, kwatsala nthenga zokha.

"Kodi foni sinakukumbutseni?" anafunsa.

"Mwana wanga ananditumizira pulogalamu ina," anayankha mlimiyo. "Koma ija sinali yanu, alangizi. Yanu ndinaiona, ili ndi thadzi. Ija ndinati ndi ya akuba a pa foni, ndinafufuta."

Imene anafufutayo inali ya ku Nsanje ija, yabwino koposa zonse.

Sabata yomweyo bambo Luhanga anaimba foni. "Mayi, ine mphamvu zandithera. Ndikauza anthu kuti ndimathandiza nawo pulogalamu ya katemera, amandifunsa kuti itiyo? Ndimasowa poloza. Anzathu atatu asiya kale."

Mayi Msosa anaitanitsa msonkhano wa pa foni. Onse anavomereza kuti pakufunika chizindikiro chimodzi, koma aliyense ankakometsa chake. Komabe onse ankadziwa mmene zithere: mwini woyambitsa anena kuti thadzi, ndipo palibe angatsutse chojambula cha malemu.

Koma mayiwa anali ataziyesa zonse zisanu ndi ziwiri pa kafoni kakang'ono ka mabatani, kofanana ndi kamene alimi ambiri ali nako. Thadzi lawo linkangooneka ngati dontho la matope. Chimene chinkaoneka bwino chinali cha bambo Luhanga: dzira loyera m'chikhatho.

"Thadzi langa lichoke loyamba," anatero mayi Msosa. "Titenge dzira la a Luhanga."

"Mayi, chija anajambula ndi bambo akunyumba," anatero bambo Luhanga motsitsa mawu.

"Anajambula kuti nkhuku zisafe. Ndilikhoma pakhoma kwathu. Pa foni ya mlimi pakhale chimene maso ake angazindikire."

Onse akuona pa mafoni awo, mayi Msosa anachotsa thadzilo.  Atatero panalibenso amene anakakamira chake.

Tsiku lomwelo analemba pamodzi tsamba limodzi lokha: dzina ndi ili, chizindikiro ndi ichi, mitundu ya utoto ndi iwiri, mawu a pa mabatani asamasinthe. Zina zonse anazisiya zomasuka, aliyense apange monga angathere. M'kati mwa pulogalamu anaika mayina a onse amene anagwirapo ntchito, motsatira zilembo. La mayi Msosa linagwera pakati, pansi pa la bambo Luhanga.

Atatu aja anabwerera. Kunabweranso ena osadziwa n'komwe kupanga mapulogalamu: wina kukonza kalembedwe, wina kuphunzitsa alimi pamsika. Namwino wa ku Mangochi anasoketsa dzira lija pachikwama chake, ndipo mayi wina m'minibasi analiloza nati, "Ichi ndi chimene chinapulumutsa nkhuku zanga." Namwinoyo anafika kunyumba akumwetulira, nakhala pansi kumaliza Chiyao chimene anachisiya theka.

Inu amene mwayamba ntchito yogwirira pamodzi, mvetsani. Munthu wodzipereka safuna zambiri. Afuna kuloza chinthu chimene anthu akuchidziwa, n'kunena kuti umu muli dzanja langa. Nkhope zikachuluka, mlimi amasokera ndipo wogwira ntchito amafooka. Koma nkhope imodzi siibwera polamula. Imabwera pamene wina, amene ali ndi ufulu wonse wokakamira chake, ayamba ndiye kuchisiya. Tsiku limenelo likadzafika pakati panu, musadzayang'ane mnzanu kuti ayambe.