Dzina Limodzi pa Chiphaso cha a Gwedeza

Kalekale, koma osati kale lenileni ayi, poti njinga zamoto zinali zitafika, kunali bambo wina dzina lawo a Gwedeza. Ankakhala m'tsinde mwa phiri la nkhalango ya boma, ndipo anali ndi chiphaso chokweza alendo paphiripo pa njinga za matayala anayi. Anayamba ndi njinga imodzi yofuka utsi, kenako zinakwana zisanu. Mudzi wonse unkadyera pomwepo, wa bowa, wootcha chimanga, ngakhale womata matayala.

Koma mkuluyu anali ndi kakhalidwe kake. Makiyi onse ankayenda nawo m'thumba, ati fisi sasungitsidwa nyama. M'mawa wina mvula itakata, anakwera okha kukaona njira alendo asanafike. Dothi linagumuka, njinga inagudubuzika n'kuwapana mwendo.

Mwana wawo Tiyanjane ankagulitsa tiyi pachipata cha nkhalangoyo. Injini ya bambo ake ankaidziwa ngati chifuwa chawo. Itangoti zii, anasiya ketulo pamoto.

"Ababa sazimitsa injini pamtunda," anatero, nathamanga kukamema anthu. Ena anamuseka, iye sanawamvere.

Njinga zinazo zinali zokiya. Lufeyo, makaniko, mwana wa mlongo wawo wa a Gwedeza, anadula mawaya n'kuwalumikiza, imodzi inalira.

Nanga adutsa pati, njira itagumuka? Panali Sikelo, amene kale ankaotcha makala mozemba m'nkhalangomo. A Gwedeza atamupeza sanamupereke kwa a zankhalango, anamulemba ntchito yotsogolera alendo. Tsikulo Sikelo analondolera Lufeyo kanjira kake ka makala, kamene sanauzepo munthu chifukwa cha manyazi. Atafika, Sikelo anatukula njinga ndi phewa, nawabereka abwana ake kumsana.

"Gwirani khosi, bambo. Thumba la makala limalemera kuposa inu."

A Gwedeza anachira, koma mwendo sunalolenso kukwera phiri. A zankhalango anati alembe wolowa m'malo pofika Lachisanu, apo ayi chiphaso chipita kwa anthu a kutauni. Ndipo pepalalo linali ndi mzere wa dzina limodzi basi.

Anakhala pakhonde, pepala lili pabondo. Mwambo unkati za malume ndi za mwana wa mlongo. Mtima unkakokera kwa mwana wobala okha. Koma msana umene unawatsitsa paphiri aukana bwanji? Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwa atatuwo panalibe wopempha.

"Lembani aliyense, ababa, bola inu mulipo," anatero Tiyanjane.

"Ine sipanala zanga zandikwanira, malume," anatero Lufeyo.

Sikelo anali atagwada, akuwathowa phazi ndi madzi ofunda. Mkuluyo misozi inangotsika, poti onsewo ankawakonda.

Tsono inu, cholembera chili m'manja mwanu, Lachisanu lafika. Mulembapo ndani: amene anamva injini itakhala chete, amene anadzutsa njinga yopanda kiyi, kapena amene anaulula kanjira ka manyazi ake?