Malo Obwezedwa Kawiri

Kalekale, koma osati kale kwambiri ayi, kunali anthu atatu pa kakampani kena ku Lunzu kopanga makina oswetsera mazira. Ntchito yawo inali kulemba pulogalamu ya pakatikati pa makinawo, imene amati kenelo. Ine ndangoyamba kumene kuphunzira zimenezi, koma mmene ndamvera ndi chonchi: chipangizo chilichonse chikafuna kugwira ntchito chimabwereka malo mu memore, mmene makina amasungiramo zinthu, chikamaliza malowo abwezedwe. Kamodzi basi. Ukabweza kawiri, kenelo imasokonezeka, n'kupatsa zinthu ziwiri malo amodzimodzi.

Ganizani, mkhalakale pa kampanipo, analemba gawo loyatsa kachipangizo koyeza kutentha. Chizolowezi chake chinali chakuti zikakanika panjira, gawo lakelo limabweza lokha malo onse. Koma sanalembe paliponse kuti limatero. "Wofuna kudziwa awerenge yekha, ine si mphunzitsi wa munthu," ankatero.

Mwatitha, wongochoka kumene ku koleji, analemba gawo la fani. Chiyambire tsiku limene Ganizani anamutcha "kamtsikana ka mapepala", awiriwa sankapatsana moni. Ndiye Mwatitha ntchito ya Ganizani sanaitsegule n'komwe, ngakhale mayina a magawo awo anafanana ngati mapasa. La Mwatitha likakanika silinkabweza kanthu, wobweza anali amene waliitana. Ndipo zimenezi anazilemba bwinobwino pamwamba pake.

Chikaiko ndiye ankalumikiza zonse. Anawerenga za Mwatitha, n'kuyang'ana dzina la gawo la Ganizani, n'kuti, "Ndi zomwezomwezi." Analemba kuti chilichonse chikakanika, iye azibweza malo. Sanafunse. Kufunsa Ganizani kunali kuputa mavu.

Makinawo anawagula mayi ena oweta nkhuku ku Chileka. Kutatsala masiku atatu kuti anapiye aswe, khoswe anatafuna waya wa koyeza kutentha kaja. Makina anayesa kukayatsanso, zinakanika. Gawo la Ganizani linabweza malo. La Chikaiko linabwezanso. Malo aja anapita kwa hita yotenthetsa mazira ndi kwa belu lochenjeza nthawi imodzi, makina n'kuuma gwa, hita ili chiyakire, belu lili chete. Mazira onse anapsa, anapiye ali m'kati.

Mayi aja anabwera ndi beseni la mazirawo pamutu, n'kulitula pa tebulo la abwana. Sanapereke moni. Anangoswa dzira limodzi kuti onse aone kamwanapiye kali ndi nthenga kale.

Abwana anatseka mphuno ndi mpango. "Mmodzi wa inu atatu, Lachisanu ndisamuone pano. Ndiuzeni ndani."

"Langa ndiye lolondola, bwana," anayamba Ganizani. "Wadyera mbale, watsuka. Zaka zonsezi makina anapsapo? Zayamba atabwera achemwaliwa ndi tinzeru tawo tam'buku."

"Madala, musandiloze chala," anatero Mwatitha. "Ine ndinalemba zanga poyera. Inu zanu munazisunga m'mutu ngati mankhwala a sing'anga. Gawo langa lapha mazira angati? Tchulani!"

"Ukanatsegula langa ukanathyoka dzanja?"

"Mukanalemba mzere umodzi mukanafa?"

Onse awiri anatembenukira Chikaiko. "Wabweza kawiri ndi uyu."

Chikaiko anaimirira. "Eya, ndine. Koma zitseko ziwiri zofanana, china chokankha, china chokoka, chikwangwani pa chimodzi chokha, ndiye wophwanya mphuno ndi amene mumutche chitsiru? Miyezi isanu ndakhala pakati panu ngati mpanda. Lero ndi pamene mwagwirizana, pa ine?"

Mayi aja anatenga nkhata yawo n'kutuluka. Beseni analisiya pomwepo.

Ine ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikati ndiloze uyu, ndimapeza kuti nayenso ali ndi mfundo. Mwina inu akuluakulu mukuona zimene ine sindikuona. Ganizani anachita zabwino koma sanauze munthu. Mwatitha anauza aliyense koma sanayang'ane za mnzake. Chikaiko anakhulupirira kuti zofanana dzina zimafanananso khalidwe. Ndiye tandiuzani, Lachisanu anyamule chikwama ndani?