Chitsime cha Takana

Padangokhala chaka china chouma, nyama zitangoponya voti. Njovu adawina mpando waufumu, koma nyumba ya malamulo idadzaza ndi nyama zazikhadabo, wamkulu wawo Nyalugwe. Birimankhwe adalowamo payekha, wopanda chipani.

Njovu akati, "Tikumbe chitsime," azikhadabo onse, "Takana!" Nyalugwe akati, "Tikumbe damu," Njovu, "Ndakana!" Mwezi, miyezi. Mame omwe Birimankhwe ankanyambita pamasamba adatha, lilime lake lalitali lija gwa ngati luzi.

Tsiku lina, pofuna kungodziiwalitsa ludzu, adaponya mwambi m'nyumbamo. "Ndagi!"

M'malo moyankha kuti "Gize," onse adabangula, "Takana!"

Birimankhwe adatembenuza diso limodzi kwa Njovu, lina kwa Nyalugwe. "Ohoo," adatero chamumtima, "nthenda yake ndi imeneyi."

Adavala khungu lotuwa napita kwa Njovu. "Bwana, pepani, Anyalugwe akuti pansi pa mkuyu paja musakumbepo. Ati chitamba chanu n'chothyolera masawu basi."

"Ati chiyani? Ndikumba pomwepo!"

Adavalanso mawangamawanga napita kwa Nyalugwe. "Achimwene, Anjovu aletsa kukumba pamkuyu. Ati zikhadabo zanuzo n'zokandira mphere."

"Waletsa ndani? Anyamata, tiyeni!"

Uyu kuvuma kwa mtengo, awa kuzambwe, fumbi koboo, wina osamuona mnzake. Tsiku lachitatu maenje adakumana, madzi tumphu!

Birimankhwe adayamba kutsetserekera kumadzi, koma Nyalugwe adamuponda mchira. "Dikira, kamwana. Chitsimechi n'chathu. Nena."

"N'changa," adatero Njovu. "Iwe wopanda chipani, weruza. Ukanama ndikupondereza."

Madzi ali apo, akunyezimira. Birimankhwe adameza malovu omwe adalibe.

"Akuluakulu, ine ndikuti madziwa ndisamwe. Ndife ndi ludzu pompano. Mukuvomereza?"

"Takana!" adabangula onse pamodzi, pakamwa patatsogola mutu.

"Zikomo. Lamulo loyamba ladutsa."

Adamwa mpaka mimba tushu, nakwera mumkuyu, nasanduka tsamba. Pansi mkangano udayambiranso, wa dzina la chitsime tsopano, madzi akuphwa pang'onopang'ono pamaso pawo. Birimankhwe adafuna kuseka, koma adangoyasamula.

Mukadzamuona panthambi, phazi akulitukula, kulibweza, kulitukulanso, musamuseke. Adakhalitsa m'nyumba ya malamulo. Kanthano kanga kauma pamenepo, ngati chitsimecho.