Tsiku Limene Nachanza Anafa Dala

Kalelo, tizilombo tikadayankhulana, kafadala sankadziwa kufa dala. Dzina lake linali Nachanza, mayi wamasiye wa mwana mmodzi wamkazi, Tiyese. Ankadzuka, kukasaka chakudya, kudyetsa mwana, kugona msana ukuwawa, mawa lakenso chimodzimodzi. Anatopa mayiyu, kutopa kofika m'mafupa, ngakhale mafupawo analibe.

Tsiku lina akudutsa pachulu anapeza anzake akukangana kuti moyo n'chiyani.

"Moyo ndi ntchito, basi," anatero Chiswe, dothi lili kukamwa.

"Bodza limenelo! Moyo n'kudya," anatero Dzombe.

Nkhono anati moyo ndi mpweya, koma pomwe ankamaliza kunena, anzake anali atabalalika kale.

Nachanza anausa moyo. "Ntchito ndikugwira, kudya ndikudya, mpweya ndili nawo. Nanga bwanji moyowo sindikuuona?"

Pobwerera anaganiza kuti mchere amauzindikira tsiku limene wasowa m'ndiwo. "Ndife kaye pang'ono, ndione chimene chisowe," anatero. Anagona chagada pansi pa tsamba la dzungu, n'kupinda miyendo yonse, zii.

Ana inu, kunakomatu! Chibadwire anali asanagonepo masana. Ine sindimuweruza, nanenso msana wangawu umandiuza zomwezo.

Posakhalitsa Tiyese anafika, n'kumugwedeza. "Amayi, dzukani, ndili ndi njala."

Nachanza anamva bwinobwino. Mumtima anati, "Pang'ono pokha, mwanangu."

"Amayi! Mwatani kodi? Amayi!" Anamugwedezanso, tsopano akulira.

"Pang'ono pokha."

Tiyese anali mwana woleredwa bwino. Ankadziwa kuti maliro akagwa, woyamba kumva uthenga ndi malume. Anapukuta misozi, n'kufunditsa mayi ake katsamba kuti dzuwa lisawawotche, n'kuuyamba ulendo wa kwa malume ake. Njira yake inkadutsa pabwalo pomwe nkhuku zinkapalasa.

Nachanza atadzuka anapeza katsamba kaja pathupi, mwana palibe. Anathamangira kwa mlongo wake, koma kumeneko anati sanamuone. Timapazi ta Tiyese tinathera pakati pabwalo. Anaitana mpaka mawu anatha.

Chiswe anabwera kudzapepesa. Atakhala pang'ono, poti pakamwa pake sipatsekeka, anafunsa: "Paja mumafunafuna moyo, mayi a Tiyese. Munaupeza?"

"Unabwera wokha," anatero Nachanza. "Unandigwedeza, njala ikuupweteka, ine n'kuuuza kuti udikire."

N'chifukwa chake mpaka lero mukamukhudza kafadala amagwa chagada n'kuuma gwa. Anthu amati ndi mantha, ena amati n'kuchenjera, mpaka anam'patsa dzina lomunyoza. Musamuseke, ana inu. Amakhala akumvetsera ngati amene wamugwedezayo anene kuti "Amayi," kuti ulendo uno adzuke msanga. Akamva kuti ndi inu, amatembenuka mwapang'onopang'ono n'kumapita.