Mawaya Anathera Pamalire

Ba Sikaonga ankafika pantchito seveni koloko isanakwane, ngakhale panalibe wowawerengera nthawi. Akalowa m'chipinda choyang'anira magetsi, ankayamba aima kaye kutsogolo kwa khoma lodzaza timababu tobiriwira ndi tofiira, manja kumbuyo, ngati mlimi woyendera munda wake. Mzere uliwonse wojambulidwa pakhomapo ankaudziwa: uwu wopita kuchipatala, uwu wa kuzigayo, uwu wa mapampu a madzi, wautaliwu wochokera kudamu. Anali atagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa kampani yaing'ono imene inkapanga magetsi pamtsinje wathu n'kuwagawa m'maboma atatu a kumpoto kuno. Kwina ku Zambia anthu ankalira ndi kuzimazima, koma ife tinkangomvera pawailesi. Mtsinje wathu sunkanama, ndipo Ba Sikaonga ankaukamba ngati anaukumba okha ndi khasu.

Kenaka kunabwera lamulo latsopano kuchokera ku Lusaka. Linkati aliyense wopanga magetsi, kaya a dzuwa kaya a madzi, kaya ali kuno kaya kunja kwa dziko, angathe kuwadutsitsa pamawaya a mnzake n'kugulitsa kwa wowafuna. Pamodzi ndi lamulolo panabwera ganizo lolumikiza mawaya athu ndi a ku Tanzania. Anzathuwo anali atayamba kale kudzala nsanja zachitsulo kulowera kumalire. Mbali yathu kunali makilomita makumi anayi okha, ndipo zitsulo zake zinali zitafika n'kuunjikidwa kuseri kwa siteshoni. Chinatsala n'chakuti injiniya wamkulu alembere akuluakulu a kampani kuti ntchito iyambe. Injiniya wamkuluyo anali Ba Sikaonga.

Wachiwiri wawo anali Ba Nakamba, mayi wa ana awiri, wosachedwa kunena chimene waona.

"Ba Sikaonga, pepala lija lagona sabata zitatu patebulo panu," anatero m'mawa wina.

"Lisiyeni ligone. Latopa ndi ulendo wa ku Lusaka."

"Anzathu aja atsala ndi nsanja zisanu ndi zinayi kuti afike pamalire."

"Afike. Akafika apumule." Anavundula tiyi wawo modekha. "Mukudziwa, Ba Nakamba, mawaya awa si msewu wa minibasi woti aliyense aziimikapo n'kukweza anthu. Wina akatsokomola ku Mbeya, ife kuno tizidwala chimfine? Makina awo akagwa adzakoka athu. Wodzatukwanidwa pamsika ndani? Ine."

"Zotetezera zilipo. Zinthu zikavuta zimadula zokha."

"Zilipo m'buku."

"Nanga mvula ikadzakana?"

Ba Sikaonga anaseka mpaka tiyi anatayikira pambale. "Mwana wanga, ine ndinabwera pano inu muli m'giredi yoyamba, mamina ali chuchuchu. Mtsinje uwu sunaumepo. Odzapempha ndi iwo, osati ife."

Patapita mwezi kunabwera mlendo wochokera kutsidya kwa malire, injiniya Mwakalinga, munthu wamfupi woseka msanga. Anabwera ndi kathumba ka mpunga wa ku Kyela, wonunkhira chipinda chonse.

"Mzee," anatero Mwakalinga powalemekeza ngati mkulu, "chingwe ndi chimodzi koma chili ndi mbali ziwiri. Madzi anu akachuluka, mutipatse. Ife tili ndi gasi, amene sadikira mitambo. Tsiku limene mudzasowe, tidzakupatsani."

"Mpunga ndalandira, ndipo mukathokoze kunyumba," anayankha Ba Sikaonga. "Koma denga langa silikudontha, achimwene. Likadzadontha ndidzakuitanani."

Sabata yomweyo analemba lipoti lakuti kulumikizako kungathe kudikira zaka khumi. Akuluakulu a kampani anavomera, pakuti mawu a munthu amene sanalakwitsepo amalemera kuposa mapepala. Zitsulo zija zinagona pomwe zinatsitsidwa. Udzu unamera n'kuzikuta, mlonda anayamba kuwodzera, ndipo posakhalitsa tinayamba kuziona pamageti a nyumba, pangolo za ng'ombe, ngakhale pabenchi ya padepoti.

Chaka chachitatu mvula inakana. Mitambo inkasonkhana masana, kuda bii, kugunda kawiri, kenaka n'kumwazikana ngati anthu obwerera ku msonkhano wolephereka. Madzi a m'damu anayamba kutsika, mpaka mitengo imene inamira kalekale inatulukira ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Pa makina anayi opanga magetsi, amodzi anaima mu Epulo, achiwiri mu Juni. Pofika Seputembala ankazungulira amodzi okha. Ba Sikaonga anaimba lamya ku Lusaka kupempha thandizo, koma nakonso madamu anali atauma. Wanjala sapempha kwa wanjala mnzake.

Ntchito yawo inasanduka yogawa mdima. M'mawa uliwonse ankakhala pansi ndi cholembera, kusankha dera loti lione magetsi maola anayi ndi loti lidikire mawa. Timababu ta pakhoma paja tinafiira pafupifupi tonse. Amayi ankafola pachigayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndi chimanga chawo pamutu. Owotcherera zitsulo ankasewera bawo pakhomo pa mashopu. Mipopi inauma chifukwa mapampu anaima, makala anakwera mtengo, mapiri anayamba kumetedwa mpala. Munthu amene kale tinkamupatsa moni ndi manja awiri tsopano ankadutsa pamsika atazolika.

"Ba Injiniya!" anakuwa tsiku lina wometa tsitsi wa pafupi ndi depoti. "Bwerani ndikumeteni mbali imodzi. Inayo mudzabwere Lachinayi, mukatikumbukira!"

Msika wonse unaseka. Ba Sikaonga anangokweza dzanja n'kupitirira. Analibe mphamvu zokwiyira.

Koma chimene chinawathyola chinali kunyumba. Akazi awo, Bana Suwi, kutanthauza amake a Suwi mwana wawo, anali ndi matenda a shuga kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankadzibaya jakisoni kawiri patsiku. Mankhwala akewo safuna kutentha. Filiji itasanduka kabati, Bana Suwi anayamba kusunga timabotolo tawo mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa, osadandaula, pakuti ankaona mmene amuna awo ankabwerera kuntchito atafota. Koma dzuwa la Okutobala silimva za mtsuko. Masana ena akusankha nyemba pakhonde anangoti khwefu, lichero uko, iwo uku. Kuchipatala adokotala ananena kuti mankhwala aja anali atasukuluka kalekale. Mayiwo ankangodzibaya madzi.

Anagonekedwa masiku anayi. Tsiku lachitatu kunafika mwana wawo wamkazi, Suwilanji, amene anakwatiwa ku Mbeya. Sanazungulire.

"Ba Tata, ba mayo ndikuwatenga."

"Kupita nawo kuti?"

"Kwanga. Kumene kuja filiji imalira tsiku lonse."

Ba Sikaonga anatembenukira kwa akazi awo, kuyembekeza kuti akana.

"Musandiyang'ane choncho, Bashi Suwi," anatero mayiwo ndi mawu otsika. "Zaka makumi atatu sindinagonepo kutali ndi inu kupitirira sabata. Koma ndatopa. Ndatopa kuyang'ana botolo osadziwa ngati lindichiza kapena lindinamiza. Mundilole ndipite. Zinthu zikakhala bwino ndidzabwera."

Ba Sikaonga anakwera nawo basi kuwaperekeza. Atangodutsa Nakonde n'kuwoloka malire, Ba Sikaonga anasuzumira pawindo n'kuona chimene ankangochimva m'malipoti. Nsanja za anzathu zinali zitandanda kuchokera kumapiri, zazitali, zonyezimira, mawaya atakokedwa bwinobwino mpaka pansanja yomaliza. Pamenepo mawaya anangothera. Kutsogolo kwake, mbali yathu, kunali tchire louma ndi mbuzi ziwiri. Anayang'ana mpaka khosi linawapweteka.

M'mawa mwake, atasiya akazi awo kwa Suwilanji, anafunsira njira ya ku ofesi ya Mwakalinga. Mwakalinga anawazindikira pomwepo, anawapatsa mpando, n'kuitanitsa tiyi wa mkaka.

"Ndabwera kudzapempha," anatero Ba Sikaonga, chipewa chili pabondo.

Mwakalinga sanaseke ulendo uno. "Mzee, magetsi alipo. Pano ndikunena pano makina ena tawazimitsa chifukwa chosowa kowapititsa. Koma ndikupatsireni m'chiyani? M'ndowa? M'thumba ngati mpunga?"

"Tikati tiyambe mawa?"

"Zitsulo zanu zija zilipo?"

Ba Sikaonga anayang'ana pansi.

"Ndiye muitanitse zina," anapitiriza Mwakalinga. "Zibwere pasitima, mukumbe maenje, mudzale nsanja, mukoke mawaya, tiyese. Chaka ndi miyezi inayi, ngati aliyense asaina tsiku lomwe pepala lamufikira. Ndikanakonda ndikanakuuzani zina, Mzee. Anthu anuwo ndi abale athu. Ena takwatirana nawo."

"Ndikudziwa. Wanga mwana ali kuno. Tsopano ndi amayi ake omwe."

Ba Sikaonga anamaliza tiyi wawo n'kutsanzika.

Atabwerera, Ba Sikaonga anapita kuseri kwa siteshoni ndi Ba Nakamba, n'kupalasa udzu kuti aone chatsala. Pa zitsulo za nsanja zoposa zana, zinatsala zokwanira khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zina zopanda mabawuti. Analowa muofesi n'kulemba kalata ya tsamba limodzi yopempha kuti ntchito iyambe msanga, n'kuwonjezera kuti lipoti lakale lija linali lolakwika ndipo wolakwitsa anali iwo. Anaipereka kwa Ba Nakamba.

"Muione ngati ili bwino. Maso anga atopa."

Ba Nakamba anaiwerenga, n'kuipinda. "Ili bwino. Ndiitumiza lero lomwe." Kusadzudzulidwako kunawapweteka Ba Sikaonga kuposa chipongwe cha pamsika.

Mu Disembala anapuma pantchito. Phwando lowatsanzika linachitika masana pansi pa mtengo wa mango, zakumwa zili zofunda, wolankhula akukuwa ndi pakamwa chifukwa chokuzira mawu chinalibe moto. Anawayamikira pa zaka zonse zimene tauni yathu inawala, ndipo zinali zoona. Koma anthu anaomba m'manja mwaulesi, ngati opatsa moni pamaliro.

Mvula inabwera mochedwa, yochepa, yongonyowetsa fumbi. Ba Nakamba ndiwo akuyendetsa ntchito tsopano, ndipo maenje a nsanja afika pakati pa ulendo. Ife tikudikirabe, maola anayi lero, mawa awiri. Ba Sikaonga amakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi. Aphunzira kukoleza mbaula ndi kuphika nyemba osazipsereza. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amaimbira akazi awo.

"Mwadya, Bashi Suwi?"

"Ndadya."

"Musandinamize. Nanga magetsi?"

"Akubwera, Bana Suwi. Akuti chaka chamawa."

Akatero amaika foni m'thumba n'kukhala pakhonde, kuyang'ana msewu wopita kumalire.

Sanali munthu woipa, ndipo ntchito yawo ankaidziwa. Anangokhala nthawi yaitali pamalo ouma mpaka anaiwala kuti pansi pamanyowa, ndi kuti wokwera aliyense tsiku lina amatsika. Akuluakulu anachiona kale chimenechi pamene anati: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.