Phale la Nachisale

Ana inu mumangomwa tiyi osafunsa kuti kapu anaumba ndani. Tamverani za Nachisale, mayi wa kuseri kwa phiri la Dedza.

Nachisale ankaumba makapu ndi matipoti ndi mtapo woyera umene ankakumba yekha kudambo. Kapu yake inali yopyapyala ngati chigoba cha dzira, koma tiyi wotentha sankaiswa. Akaiphula pamoto ankaigogoda ndi chikhadabo. Ikalira kuti ngwee, inkapita kwa anthu. Ikangoti pho, inkatsala pakhomo. M'nyumba mwake munadzaza zong'aluka zokhazokha.

Mwana wake Esinati atapeza mwamuna, akuchimuna anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzaona pakhomo. Mayi a mnyamatayo, Nangozo, anali katswiri ponyoza, ndipo akanyansidwa, ukwati ukanathera pomwepo. Makapu atsopano anali asanaume poti kunali mvula ya mvumbi. Nachisale anapita kwa mlamu wake.

"Alamu, ndibwerekeniko makapu ndinakuumbirani aja."

"Aja ndi a alendo, alamu. Mukandiswera."

Anaumba ndi iyeyo, lero akuti akaswa. Anthu ndi otero. Nachisale anabwerera chimanjamanja.

Loweruka lija anasankha makapu awiri osadontha, napatsa Nangozo ndi malume a mnyamata, bambo Kamtedza. Tiyi wake anathira m'phale la tipoti yosweka.

Nangozo anayang'ana phale lija, nayang'ana mchimwene wake.

"Asewere, amati ndinu mmisiri. Umisiri wake ndi umenewu?"

Esinati anazyolika. Koma Nachisale sanabise phale.

"Zabwino zili kwa eni ake, asewere. Cholakwika sichituluka pakhomo pano. Ndimamwera ndekha."

Bambo Kamtedza anagugudiza tiyi wawo, nakweza kapu kudzuwa. Anaitembenuza kawiri asanaone kamng'alu konga tsitsi pafupi ndi chogwirira.

"Cholakwika chake n'chimenechi?"

"N'chomwecho."

"Kumsika akanakugulani osaona."

"Ine ndinaona."

Bamboyo anaika kapu pamphasa pang'onopang'ono, natembenukira kwa mlongo wake.

"Nangozo, tseka pakamwa. Mayi wokana kutinamiza pa kapu angatinamize pa mwana? Ukwati ulipo. Woumba mbiya adyera m'phale."

Mwambi uja unayambira pamenepo. Ena amaunena moseka, ngati kuti mmisiri ndi chitsiru chosadzisamala. Amenewo sanaumbepo ngakhale kankhali. Tanthauzo lake ndi lakuti waluso amapereka zokoma kwa ena, iye n'kutsala ndi zotsalira. Telala amayenda ndi zigamba, kalipentala amakhala pa njerwa. Mukadzapeza mmisiri akudyera m'phale musamuseke. Kayang'aneni m'kabati mwanu, mbale yake ili m'menemo.